Mpumulo wa Anthu a Thangata

Pa 2 Novembala timapita kumanda kukapempherera abale athu amene adatisiya, ndipo chimene timawapemphera kwa Ambuye ndi mpumulo wosatha. Mwambo wa tsikuli udayambira ku Cluny, m'dziko la France, pa nthaŵi ya Odilo Woyera, zaka ngati 1,000 zapitazo. Koma kuti timve kulemera kwake kwa liwu limeneli lakuti mpumulo, tiyeni tikumbuke mbiri ya minda ya tiyi ya ku Thyolo.

Tiyi adabzalidwa ku Mulanje mu 1891, pambuyo pake nafika ku Thyolo, kumene munda wa Satemwa udatsekulidwa mu 1923. Ambiri mwa anthu amene adagwetsa mitengo ndi kuzula zitsa m'mapiri amenewo anali Alomwe, ochokera ku Mozambique, othaŵa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Pofika kuno adapeza nthaka yabwino ili kale m'manja mwa Azungu. Mlendo ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima kamunda, koma mtengo wake unali thangata. Liwuli kale linali lokoma, lonena za kuthandizana pa ntchito. M'minda ya Azungu lidasanduka goli: munthu ankaitanidwa makamaka m'nyengo yadzinja, pamene chimanga chake chomwe chikufuna khasu, ndipo wokana ankapirikitsidwa pamalopo.

Kwa anthu otereŵa ndi kumene Mthenga Wabwino udafika. Ansembe a Montfort adayamba ntchito yawo ku Nzama mu 1901, natsekula Nguludi, m'boma loyandikana la Chiradzulu, mu 1903, ndipo Alomwe ochuluka adaloŵa mu Eklezia. Ansembe anali ochepa, choncho kaŵirikaŵiri woimirira pamanda anali katekisi. Taganizani mmene anthu ankamvera chiphunzitso cha Kalata kwa Ahebri mutu 4, chakuti Mulungu wasungira anthu ake Sabata lopumulira, kapena cha Chivumbulutso 14:13, chakuti ofera mwa Ambuye amaleka kuvutika ndipo ntchito zawo sizitayika. Munthu amene ngakhale manda ake adakumbidwa pa nthaka ya mwini ankauzidwa kuti ali ndi kwao kumene kapitao sadzamchotsako.

Alipo ena amene amati chiphunzitso chotere n'chogonetsa tulo anthu osauka. Iai, Malembo omwewo, pa Yakobo 5:4, akuchenjeza kuti malipiro omanidwa antchito a m'munda amafuula mpaka kwa Ambuye. Mulungu wolonjeza mpumulo ndiyenso woŵeruza, ndipo anthu a ku Thyolo sadagone. Mu Ogasiti 1953 chipwirikiti chidabuka kumeneko chifukwa cha malo, thangata ndi Chitaganya, nichifalikira m'maboma ena a kumwera, ndipo anthu 11 adafa. Thangata adathetsedwa mu 1962. Patapita zaka 30, pa 8 Malichi 1992, maepiskopi athu m'kalata yawo ya pa Lenti adadzudzulanso malipiro osakwanira kudyetsa banja.

Ambiri amene adabzala tiyi woyamba sadachione chaka cha 1962. Maina awo sali pa zikwangwani za minda imeneyo. Ena ali m'mabuku a ubatizo a m'maparishi, ena adaiŵalika ndithu. Inu makatekisi a ku Thyolo ndi ku Mulanje, mvula yoyamba ikamayandikira ndi tiyi akamakonzeka kuphukira, funsani nkhalamba za m'miphakati yanu maina a agogo awo, muwalembe, muwapereke kwa wansembe kuti atchulidwe pa Misa ya akufa.