Dzina la ng'ala linasokeretsa madotolo zaka mazanamazana

Madotolo a maso ndi makutu ali ndi mawu awo amene ife odwala timangowamva ngati mabingu. Ine ndakhala ndikulondola kumene mawuwa anachokera, ndipo ndapeza kuti ambiri si ozama monga amamvekeramu ayi. Anabadwira pa chipala, kudimba ndi kumtsinje, monga momwe amabadwira mawu athu. Ena anathandiza, koma limodzi linachititsa khungu anthu osawerengeka.

Tiyambe ndi khutu. Kuseri kwa kachikopa konjenjemera ngati ng'oma kaja kuli timafupa titatu. Andreas Vesalius, m'buku lake la 1543, anafanizira tiwiri ndi nyundo ndi chitsulo chosulirapo, ndiye mayina a Chilatini aja akuti malleus ndi incus. Kachitatu anakapeza ndi Giovanni Ingrassia mu 1546, ndipo kamatchedwa stapes, kutanthauza chopondapo phazi munthu akakwera hatchi. Ndiko kafupa kochepetsetsa m'thupi lonse, mamilimita 3 okha. Kupitirira apo kuli kachiwalo kopotana kamene Gabriele Falloppio mu 1561 anakatcha cochlea. Tanthauzo lake? Nkhono basi, yomwe ija imatidyera ndiwo kudimba.

Ku diso nakonso n'chimodzimodzi. Kakuda ka pakati kaja Aroma ankakatcha pupilla, kutanthauza kamtsikana, poti ukayang'anitsitsa m'diso la mnzako umaonamo kamunthu kakang'ono, komwe ndi iwe amene. Nanga ife paja timati chiyani? Mwana wa diso. Aroma ndi makolo athu sanakhalepo pabwalo limodzi, koma anaona chinthu chimodzi.

Mayina amenewa analibe vuto chifukwa ankangonena maonekedwe. Vuto linabwera ndi dzina lomwe linkanena chiyambi cha nthenda, dzina la ng'ala.

Asing'anga akale a ku Greece ndi ku Roma ankakhulupirira kuti ng'ala ndi madzi oipa amene amatsikira m'diso n'kuundana kutsogolo kwa kagalasi kam'kati, ngati katani pawindo. Celsus, yemwe analemba za mankhwala Yesu atangokhala kumene padziko, anaitcha suffusio, kutanthauza kuthirikira. Aluya atatenga nzeruzi, kudzera mwa akatswiri ngati Hunayn ibn Ishaq wa ku Baghdad yemwe anamwalira mu 873, anaitcha kutsika kwa madzi. M'zaka za m'ma 1000, Constantinus Africanus, mwana wa ku Tunisia yemwe anakakhala mmonke ku Monte Cassino ku Italy, anamasulira mabuku a Chiluya m'Chilatini, ndipo kuchokera m'zomasulira zoterozo dzina loti cataracta linafala. Gwero lake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza mathithi. Ndiye dotolo wa lero akati cataract, ndiye kuti akunena mathithi, pamene m'disomo mulibe madzi otsika ngakhale dontho.

Dzina likalakwika, dzanja nalo limalakwa. Kwa zaka zoposa 1,500 asing'anga ankalowetsa singano m'mbali mwa diso n'kukankhira choyeracho pansi, ati kuchotsa katani. Osadziwa kuti akukankha kagalasi ka diso kenikeniko! Ena ankayambadi kuona kuwala mwa chimbuuzi, koma ambiri diso linkatupa n'kuchita mafinya. Katswiri wa nyimbo Johann Sebastian Bach anachitidwa opaleshoni kawiri mu 1750 ku Leipzig ndi dotolo woyendayenda wa ku England, John Taylor. Anamwalira mu July chaka chomwecho ali wakhungu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1705 dotolo wachinyamata wa asilikali, Michel Brisseau, anadekhadi. Anakankha ng'ala ndi singano m'diso la msilikali womwalira, kenaka n'kuling'amba kuti aone chimene wakankha. Sanapeze madzi oundana ayi, anapeza kagalasi komwe katachita mbuu. Akuluakulu a zasayansi ku Paris poyamba anamukayikira, poti nanga mwana angatsutse bwanji mabuku a makolo? Koma mu 1707 Antoine Maître-Jan anatulutsa buku lonena zomwezo.

Zitadziwika kuti chodwala ndi kagalasi, njira inatseguka. Mu 1747 Jacques Daviel anayamba kung'amba diso n'kukatulutsa kagalasi kowonongekako, ndipo mu 1752 anauza anzake ku Paris kuti mwa maopaleshoni 206, okwana 182 anayenda bwino. Kenaka kunabwera Harold Ridley wa ku London. Iye anaona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki tinawalowa m'maso, maso awo sankatikana. Mu 1949, pa chipatala cha St Thomas', anaika m'diso kagalasi koyamba ka pulasitiki. Opaleshoni imeneyi ndi yomwe ikuchitika lero ku Nkhoma, ku Queen Elizabeth ndi kwina, kawirikawiri yosafika ndi theka la ola.

Tsono inu awerengi mwina mukuti nkhani za Azungu akalewa zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa nafenso tili ndi dzina lofuna kulikonza. Choyera chilichonse cha m'diso ambiri timangoti ng'ala, pamene pali zinthu ziwiri zosiyana. China ndi kagalasi kochita mbuu kuseri kwa mwana wa diso, komwe kamadza kwambiri ndi ukalamba kapena shuga. China ndi chipsera cha pamwamba pa diso, chotsala munthu akadwala chikuku, akalasidwa ndi kachitsotso, akathiridwa utomoni wa mitengo, kapena nsidze zikapindikira m'kati n'kumakanda diso chifukwa cha trachoma. Nthenda ya trachomayi bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi waigonjetsa, koma zipsera zake ena akadali nazo.

Opaleshoni ya ng'ala siichotsa chipsera. Ndiye wa chipsera akabwerako kuchipatala diso lili chomwecho, mudzi wonse umamva kuti ng'ala sachiza. Agogo a khomo linalo, amene akanaona tsiku lotsatira atangowachotsa bandeji, amangokhala pakhonde kudikira mdzukulu wowagwira ndodo, mdzukuluyo n'kujomba kusukulu.

Ine maganizo anga ndi akuti tisadikire kuti wina adzatipatse mawu. Ngati Falloppio anatola nkhono n'kuiika m'buku la madotolo, ifenso titha kunena kuti ng'ala ya m'kati, n'kusiyanitsa ndi chipsera cha pa diso. Anamwino, azaumoyo a m'midzi, owulutsa mawu pawailesi ndi ife olemba tikamanena chimodzimodzi, mayinawa sadzatenga nthawi kuti akhazikike. Ndipo wopita ndi agogo kuchipatala azifunsa dotolo mosaopa kuti, "Kodi ndi ya m'kati, kapena ndi chipsera?"