Zimbale za Nyimbo za Trance ndi Zovina M'makalabu

Trance ndi mtundu wa nyimbo zovina zopangidwa ndi makina, umene udayamba kumveka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'dziko la Germany, makamaka m'mizinda ya Frankfurt ndi Berlin. Nyimbozi zimadziwika ndi ng'oma yogunda mosalekeza, kawirikawiri maulendo 125 mpaka 150 pa mphindi, komanso chigawo chapakati pamene ng'omayo imayamba yaleka kenaka n'kubweranso mwamphamvu.

Poyamba nyimbo zotere zinkatuluka imodziimodzi pa malekodi opangidwira ma DJ, ndipo wofuna kuzimva ankayenera kupita kukalabu. Zimene zidazifikitsa m'nyumba ndi m'galimoto za anthu wamba ndi zimbale zosonkhanitsa nyimbo za oimba osiyanasiyana.

Pokonza chimbale chotere, kampani imayamba yapempha chilolezo kwa eni nyimbo iliyonse. Kenaka DJ amasanja nyimbozo ndi kuzilumikiza, akumafananitsa liwiro lake kuti ina iyambe inzake isanathe. Womvera amamva ngati nyimbo imodzi yaitali yodzaza CD yonse, imene imatenga mphindi zosapitirira 80. N'chifukwa chake dzina lotchuka pachikuto limakhala la DJ wosanjayo, osati la opeka nyimbo.

Dziko la Britain ndilo lidatsogola pamalondawa. M'chaka cha 1994, Sasha ndi John Digweed adatulutsa Renaissance: The Mix Collection, ya ma CD atatu. Kalabu ya Ministry of Sound, imene idatsegulidwa ku London mu 1991, idayambitsa The Annual mu 1995, ndipo chimbale choyambacho adachisanja ndi Pete Tong ndi Boy George. Global Underground, yomwe idayamba mu 1996, inkatcha zimbale zake maina a mizinda imene DJ wakaimbako.

Kenaka mbiri idasamukira ku Netherlands. Tiësto adayambitsa mndandanda wa In Search of Sunrise mu 1999, pamene Armin van Buuren adayamba pologalamu ya pawailesi ya A State of Trance mu 2001, ndipo zimbale za dzina lomwelo zidayamba kutuluka mu 2004.

Chigawo chino cha Africa chidatchukanso pa zimbalezi. Global Underground idatulutsa chimbale cha Cape Town mu 2000, chosanjidwa ndi Dave Seaman, ndipo chimbale chachisanu ndi chitatu cha In Search of Sunrise, chimene Richard Durand adasanja mu 2010, chidatchedwa South Africa. Komabe mtundu umene udazika mizu m'makalabu a m'dzikolo ndi house. Zimbale monga Fresh House Flava za DJ Fresh, pansi pa kampani ya House Afrika, zidathandiza kwambiri kuufalitsa.

Malonda a ma CD adatsika intaneti itafala, chifukwa anthu adayamba kumvera ma DJ pa YouTube, SoundCloud ndi Spotify. Ngakhale zili choncho, zimbale zakalezi zidakali zofunika kwa ofufuza mbiri ya nyimbo. Nyimbo zambiri za nthawiyo zidasindikizidwa pa malekodi owerengeka ndi makampani ang'onoang'ono amene ena mwa iwo adatsekedwa, kotero zimbalezi ndizo zidasunga zimene anthu ankavina chaka ndi chaka.