Chembe: gombe limene laona alendo a mibadwo inayi

Dzuwa likapendeka ku Chembe, gombe limadzaza ngati tsiku la msika. Amayi amakwecha mapoto ndi mchenga m'mphepete mwa madzi, ana akudumphira m'nyanja kuchokera pamabwato, abambo akusoka chilimira pamthunzi, usipa uli mbuu pa thandala. Pakati pa onsewa pamadutsa mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Germany, magalasi osambirira ali m'manja, akufunsa mtengo wa boti lopita ku chilumba cha Thumbi. Palibe amene amacheuka. Mudzi uwu, womwe uli m'dera la Mfumu Nankumba m'boma la Mangochi, unayamba kulandira alendo akutali m'zaka za m'ma 1870.

Pa mapu amalemba kuti Cape Maclear. Dzinali linachokera kwa David Livingstone, amene anafika kunyanja ya Malawi mu 1859 ndipo anafuna kulemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni dera amati ku Chembe, ndipo oyendetsa matola ku Monkey Bay amangofuula kuti "Kepu! Kepu!"

Alendo oyamba kumanga nyumba pano anali amishoni a ku Scotland. Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wa Free Church of Scotland unaganiza zotsegula mishoni yomukumbukira, nuitcha Livingstonia. Gulu limene unatumiza linkatsogoleredwa ndi Edward Young, ndipo munali dokotala wachinyamata wa ku Aberdeen, Robert Laws, yemwe anali ndi zaka 24 zokha. Anabwera ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala, dzina la dera limene Livingstone anafera. Atafika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana anaisenza pamutu chidutswachidutswa mpaka kumtunda kumene inalumikizidwanso. Mu Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja, ndipo atalandira chilolezo kwa Mfumu Mponda, amishoniwo anakocheza pa gombe lino.

Chimene chinawakopa ndi chomwe chikukopabe alendo lero: doko lobisika kuseri kwa mapiri ndi zilumba, kumene mphepo ya mwera siivutitsa ngati mmene imachitira pakati pa nyanja. Anamanga sukulu ndi kachipatala. Mu 1876 Laws anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, chinthu chimene anthu a kuno anali asanachionepo.

Koma malungo sanawapatse mpata. Mu 1877 anamwalira Dr William Black, komanso Shadrach Ngunana, mlaliki wa Chixhosa amene anachokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Manda asanu a antchito a mishoniyo akadalipo m'tsinde mwa phiri, pakati pa miyala ikuluikulu, ndipo mlendo akafuna kuwaona amangoyenda pang'ono kuchoka kumudzi. Patapita zaka zoposa zisanu chifikireni amishoniwo, munthu mmodzi yekha ndiye anali atabatizidwa: Albert Namalambe, mu Malichi 1881. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 inakwera ku Khondowe kumene kuli Livingstonia wa lero. Namalambe ndiye anatsala ku Chembe akuyang'anira ntchito imene azunguwo anasiya.

Gombe linabwerera kwa asodzi kwa zaka zambiri, mpaka alendo ena anatulukira kuchokera mumlengalenga. Chakumapeto kwa 1949 kampani ya ndege ya ku Britain, BOAC, inayamba kuteretsa pa Cape Maclear ndege zake zotera pamadzi za mtundu wa Solent, zimene zinkayenda pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Chindege chinkatera panyanja, madzi n'kugawanika uku ndi uku, kenako kaboti n'kukatenga apaulendo kupita nawo ku hotelo imene inamangidwa pagombe. Ulemererowo unatha chaka chimodzi chokha. Mu 1950 BOAC inasiya kugwiritsa ntchito ndege zotera pamadzi, ndipo posakhalitsa hoteloyo inasowa alendo n'kutsekedwa. Malowa anadzadziwika pambuyo pake ndi dzina loti Golden Sands.

Chimene chinasinthiratu mbiri ya Chembe ndi kansomba kakang'ono, kosaposa chikhatho cha munthu. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja, zina zobiriwira ngati thambo, zina zachikasu, zina za mizeremizere ngati mbidzi. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo m'mitundu ina ana akaona choopsa amathawira m'kamwa momwemo. Popeza mbuna siikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya, gulu lililonse la miyala lili ndi mitundu yakeyake, moti nsomba imene munthu waiona pa Thumbi mwina sakaipeza pa chilumba china. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo siipezeka kwina kulikonse.

N'chifukwa chake mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park, malo a masikweya kilomita 94 otetezedwa makamaka chifukwa cha nsomba. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Pakiyi inatenga mapiri, zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, komanso madzi a mamita 100 kuchokera kugombe lake, mmene kusodza n'koletsedwa. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inasiyidwa pomwe inali, itazunguliridwa ndi paki. Kuyambira pamenepo nkhani ya nkhuni, udzu wofolera ndi malo oponyera ukonde yakhala ikukambidwa pakati pa anthu a m'midziyi ndi oyang'anira paki, nthawi zina mwamtendere, nthawi zina mokokanakokana.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kunafika mbadwo wina wa alendo: achinyamata a zikwama zakumsana, ambiri a iwo akudutsa ulendo wa pakati pa Nairobi ndi Cape Town pa zimalole zokhala ndi mipando. Awa sankafuna hotelo yapamwamba. Ankagona m'matenti ndi m'tizipinda totsika mtengo m'kati mwenimweni mwa mudzi, akudya nsima ya kampango ndi chambo chootcha. Wobwera kudzakhala masiku awiri ankapezeka watha mwezi. Maloji anayamba kumera pagombe, moyandikana ndi nyumba za asodzi ndi mathandala awo, ndipo anyamata a m'mudzi anaphunzira kuperekeza alendo, kusema ziboliboli ndi kuyendetsa maboti a injini.

Ulendo umene alendo ambiri sauphonya ndi wa ku Thumbi. Boti likafika pamiyala, woperekeza amapereka magalasi ndi kachubu kopumira. Mlendo akangoviika nkhope m'madzi amapezeka ali pakati pa chigulu cha mbuna, zikumuzungulira mopanda mantha. Pobwerera, woyendetsa boti amazimitsa injini, natenga nsomba imene anagula kwa asodzi, naimba mluzu wautali. Nkhwazi imayankha ili pamwamba pa mtengo, mutu itaukhotetsera kumbuyo. Nsomba ija ikaponyedwa pamadzi, mbalameyo imatsika mapiko ali tambalale, n'kuikwatula ndi zikhadabo, osanyowetsa ngakhale chifuwa.

Ena amamira pansi ndi botolo la mpweya kumsana, ena amapalasa timabwato ta kayaki mpaka ku Domwe kapena ku Mumbo, chilumba chopanda mudzi kumene kampani ya Kayak Africa inatsegula misasa ya alendo. Pa Otter Point, dzina lochokera kwa akatumbu, madzi ndi oyera moti miyala yapansi imaoneka munthu ali pamtunda. Okonda kuyenda pansi amakwera mapiri a kuseri kwa mudzi, anyani akuwayang'ana pamilambe, kapena amakaona Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizera yonga mphini zotemedwa pankhope.

Gombeli lakumananso ndi zowawa. M'zaka za m'ma 1990 matenda a likodzo anachuluka ku Chembe, ndipo ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuchepa kwa nsomba zimene zimadya nkhono zofalitsa matendawa, chifukwa cha kukoka maukonde pafupi ndi gombe. Mu 1999 mnyamata wa ku Ireland, Billy Riordan, anamira m'nyanja pano. Mayi ake, a Mags Riordan, ataona kuti mudzi wonsewo unalibe chipatala, anasonkhanitsa ndalama kwawo, ndipo mu 2004 chipatala chotchedwa dzina la mwana wawoyo chinatsegulidwa. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo a ndege, maboti a alendo n'kungoyandama pagombe opanda wokwera. Mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri, madzi n'kulowa m'maloji angapo a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi.

M'nyengo zonsezi asodzi sanaleke kupita panyanja. Mdima ukagwa, maboti amanyamuka atanyamula mabwato ndi nyali, ndipo siginala amakhala m'bwato lake akukopa usipa ndi kuwala mpaka anzake atazungulitsa chilimira. Alendo amene akhala pamchenga amaona mzere wa nyali kuseri kwa Domwe, ngati tauni yamera pamadzi. Kukamacha maboti aja amabwerera, amayi ogula nsomba ali kale m'madzi ofika m'maondo, mabeseni ali pamutu, ndipo chapafupi pomwepo woperekeza alendo akutsuka magalasi osambirira, kukonzekera ulendo woyamba wa ku Thumbi.