Mafunso ndi Mayankho: Nyongolotsi ya pulasitiki inachokera kuti?

Funso: Mlamu wanga pochokera ku Joni anandibweretsera paketi ya nyongolotsi za pulasitiki, zofewa ngati labala. Akuti kumeneko amamanga mbedza chapamwamba, cholemetsa n'kukhala kunsonga kwa chingwe, ndipo amawedza ali chilili pagombe. Ine ndinakula ndikukumba nyongolotsi zenizeni kudambo. Anayambitsa zimenezi ndani? *Wowerenga wa ku Kandeu, Ntcheu*

Yankho: Bambo, alamu anu anakutengerani zinthu ziwiri zobadwira m'maiko awiri otalikirana. Nyongolotsiyo kwawo ndi ku America, pamene kamangidwe ka mbedzako kanatchukira ku Japan.

Nyongolotsi ya pulasitiki anaipanga ndi Nick Creme, mmisiri wa makina wa mumzinda wa Akron m'chigawo cha Ohio, mzinda umene unkadziwika ndi mafakitale a matayala. Iyeyu ankakonda kuwedza koma ankatopa ndi kusakasaka nyambo. Iye ndi mkazi wake Cosma anayamba kusungunula pulasitiki kunyumba kwawo, n'kumasakaniza ndi mafuta ndi utoto, kenako n'kuthira m'chikombole chimene anachiumba potengera nyongolotsi yeniyeni. Mu 1949 anapeza msakanizo umene unkakhalabe wofewa ukazizira, ndipo mu 1951 anayamba kugulitsa. Nyambo za labala zinalipo kale, koma zinali zolimba, moti nsomba ikangoluma inkalavula pompo. Ya Creme nsomba inkaisunga m'kamwa kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko n'kamene msodzi amafuna kuti akoke. Malonda atakula pakati pa owedza nsomba yotchedwa bass m'madamu akuluakulu a kummwera kwa America, kampani yawo inasamukira ku Tyler, ku Texas.

Nsomba yomweyo ya bass ndi imene inatengera nkhaniyi ku Japan. Mu 1925 Akaboshi Tetsuma anaitenga ku America n'kukaiika m'nyanja ya Ashi, ndipo patapita zaka inafalikira mpaka m'nyanja ya Biwa, yaikulu kuposa zonse m'dzikomo. Pofika m'ma 1990 owedza anachuluka zedi, nsomba zinachenjera, zinkangoyang'ana nyambo n'kudutsa. Haruhiko Murakami, amene ankadziwika ndi kuwedza ali pamtunda osati m'bwato, anatchukitsa kamangidwe kamene mwafotokozaka. Chakumapeto kwa zaka zomwezo kanafika ku California, ndipo dzina loti drop shot linafalikira kuchokera kumeneko. Kuika cholemetsa pansi mbedza pamwamba si nzeru yatsopano, asodzi a m'nyanja zamchere ankachita kuyambira kale. Chimene anawonjezera a ku Japan ndi chingwe chopyapyala, kambedza kakang'ono ndi nyambo yofewa imene imagwedera ngakhale dzanja litangonjenjemera pang'ono.

Funso: Nanga amamanga bwanji, ndipo ubwino wake uli pati?

Yankho: Mbedza imamangidwa pachingwe penipeni, nsonga yake itayang'ana kumwamba. Pansi pake mumasiya chingwe cha masentimita 30 mpaka 50, kenako cholemetsa. Mukaponya, cholemetsa chimakakhala pansi pamadzi, inu n'kukungako chingwe pang'ono, nyambo n'kulendewera pamwamba pa matope. Simukoka ayi. Mumangogwedeza nsonga ya ndodo pang'onopang'ono, nyambo n'kumavina pamalo amodzi, cholemetsa osasuntha. Mukakhala pagombe chingwe chimalowa m'madzi chopendekera, choncho nyambo imatsikira pafupi ndi pansi kuposa mmene mukuganizira. Mukaponya patali, talikitsaninso mpata wa pakati pa mbedza ndi cholemetsa.

Ine ndikuona kuti kamangidwe kameneka ndiye mphatso yeniyeni imene alamu anu anabweretsa, kuposa pulasitikiyo. Aliyense amene anawedzapo m'maiwe a mitsinje yathu nthawi ya dzinja amadziwa vuto lake. Cholemetsa chikakhala pamwamba pa mbedza, nyongolotsi imagona m'matope, imakwiririka, kapena nkhanu zimaimaliza nsomba isanaione. Chinanso, nsomba ikaluma mumachedwa kumva chifukwa pakati pa inu ndi mbedza pali cholemetsa. Mukatembenuza kamangidweko, nyambo imakhala poonekera ndipo kuluma kulikonse kumafika m'dzanja. Cholemetsa chikakodwa pamwala, chimene mumataya ndi chokhacho, mbedza imabwerako. N'chifukwa chake ndi bwino kuchimanga ndi mfundo yosalimba kwambiri. Nati yakale ya njinga kapena kamwala kakang'ono zimagwira ntchito, ndipo n'zabwino kuposa mtovu, umene ndi poizoni kwa mbalame za m'madzi zikaumeza.

Funso: Koma nsomba zathu zingadye pulasitiki?

Yankho: Zimatengera mmene nsombayo imapezera chakudya. Bass imasaka ndi maso m'madzi oyera, ndiye chinthu chogwedera chimaipusitsa. Mlamba ndi wina. Umayenda m'madzi akuda, kawirikawiri usiku, ndipo umalondola fungo ndi ndevu zake zija. Ukhoza kuluma pulasitiki ikamagwedera pafupi, koma nyongolotsi yamoyo kapena matumbo a nkhuku zimaukoka kuchokera patali. Makumba ndi chilunguni chakudya chawo chachikulu ndi ndere ndi zomera za m'madzi, ndipo kamwa la matemba ndi laling'ono kwa nyambo yotalika ngati chala. Mwa nsomba zathu, zimene zimathamangitsa nyambo zopanga ndi zolusa monga ncheni ya m'Nyanja ya Malawi, imene imadya usipa. Choncho ku Kandeu yesani kamangidwe ka ku Japan koma pambedza mukoleke nyongolotsi yanu ya kudambo. Za pulasitikizo mukazigwiritsa ntchito, zong'ambika muzibwerera nazo kunyumba, chifukwa siziola, ndipo nsomba ikameza zimakhalitsa m'mimba.

Funso: Bwanji osangobweretsa bass n'kuiika m'madamu athu?

Yankho: Apa ndiye ndikupemphani, musayese. Mitsinje ya m'chigwa cha Bwanje imathira m'Nyanja ya Malawi, ndipo damu likasefukira mvula ikachuluka, nsomba zimatsata madzi. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina. Lamulo loyendetsera za nsomba la 1997 sililola munthu kulowetsa nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo cha nthambi ya za nsomba.

A ku Japan omwewo anaziona. Bass itachuluka m'nyanja ya Biwa, nsomba zing'onozing'ono za komweko, zimene asodzi ankadalira kuyambira makolo awo, zinachepa kwambiri. Kuyambira 2003 boma la chigawo cha Shiga linaletsa kubwezera m'madzi bass imene yagwidwa, ndipo mu 2005 dziko lonse la Japan linaiika pamndandanda wa zamoyo zachilendo zoononga, zoletsedwa kuzisamutsa zamoyo. M'mphepete mwa Biwa anaikamo mabokosi oti owedza aziponyamo bass imene agwira.