Ekita

Kwa Jenala, m'boma la Phalombe, mnyamata akati "ekita" satanthauza aliyense wosewera mufilimu. Mawuwa anachokera ku Chingerezi, koma kwathu kuno anapeza ntchito yakeyake. Ekita ndi ngwazi ya nkhaniyo, uja amamenya adani onse, kuvulala koma osagonja. N'chifukwa chake timati ekita safa.

Mawuwa ndi amene amagawanitsa anthu pa filimu ya Expend4bles ya mu 2023. Inadya madola pafupifupi 100 miliyoni, koma m'nyumba za kanema inangobweza pafupifupi theka la ndalamazo. Sylvester Stallone, amene ambiri timangomutcha Rambo, ndege yake imagwa koyambirira, iye n'kudzatulukiranso kumapeto ali wamoyo. Pakati ponsepo womenya nkhondo ndi Jason Statham. Amene anakulira Rambo amati anawamana ekita wawo, filimuyo ndi yozizira. Achichepere amati ekita ndi Statham, ndipo zibakera zake zinawakwanira.

Ine ndili kumbali ya akuluakuluwo. Ekita ndi amene mtima wako umatsagana naye kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo filimuyi inamusowetsa nthawi yaitali kwambiri.