Mbiri ya Gule Wamkulu yaiwala woyimba mbalule

Seiji Ozawa atamwalira mu February 2024, dziko la Japan linalira munthu amene ntchito yake inali kutsogolera oyimba ndi kandodo m'manja. Anatsogolera Boston Symphony Orchestra kuyambira 1973 mpaka 2002, ndipo mu 1984 anasonkhanitsa oyimba kuti akumbukire mphunzitsi wake, Hideo Saito. Choncho mbiri ikudziwa amene anamuphunzitsa ndiponso amene iye anawasula. Kumapiri a ku Dedza ntchito yotereyi ilipo kuyambira kale, ndipo mwini wake ndi woyimba ng'oma ya mbalule pa bwalo la Gule Wamkulu. Koma olemba mbiri amulambalala.

Zimene zinasungidwa ndi zooneka ndi maso zokha. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zina zoyera zosonyeza zilombo za nyau, ndipo UNESCO inawazindikira mu 2006, patangotha chaka chimodzi italemekeza gule mwiniwakeyo. Ku Mua, kumene ansembe anafika mu 1902 nalimbana ndi nyau kwa zaka zambiri, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo lero kuli nkhope za gule mazanamazana zofotokozedwa bwino. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Komabe gule sanadutse m'nthawi ya atsamunda ndi nkhope zokha. Anadutsa chifukwa panali amuna odziwa kuwamba ng'oma pamoto, kumata phula, ndi kusunga m'mutu kayimbidwe ka chilombo chilichonse, chifukwa ng'oma ya Kasiyamaliro si ya Chadzunda.

Ena anganene kuti wa mbalule satsogolera, amangotsata mapazi a gule. Zoona, maso ake sachoka pa mapaziwo. Koma mpanje ndi ng'oma zina zimangogwira mayendedwe amodzi, pomwe mbalule ndiyo imaitana gule, kumudula, ndi kuuza amayi oomba m'manja kuti nyimbo yafika pati. Akalakwitsa iyeyo, gule amaima, bwalo lonse nkudziwa wolakwa. Enanso angati za kudambwe sizilembedwa. Mwambowo ndi woyenera kuulemekeza, ndipo wovina satchulidwa dzina. Koma woyimba ng'oma savala nkhope. Amayimba poyera, mudzi wonse ukumuona, ndipo kumutchula sikuulula chinsinsi chilichonse.

Mafumu a ku Dedza, pamodzi ndi a nthambi yoona za chikhalidwe, akhale pansi ndi akuluakulu a mbalule amene adakali moyo, alembe mayina awo ndi a amene anawaphunzitsa, ajambulenso kayimbidwe kawo kapabwalo ngati eni dambwe alola.