Nyumba ya Boma ya ku Siena ndi Zithunzi Zocenjeza Atsogoleri

Mu mzinda wa Siena, ku Italia, muli nyumba yochedwa Palazzo Pubblico imene anayamba kumanga mu 1297. Sinali ya mfumu kapena ya bishopu, koma ya mzinda wonse. Munkakhala akuluakulu asanu ndi anayi olamulira Siena, osankhidwa makamaka pakati pa amalonda. Ankalamulira miyezi iwiri yokha akugona momwemo, kenako n'kusiyira ena mipando.

Cigawo ca pansi anacimanga ndi miyala, ca pamwamba ndi njerwa zofiira. Mawindo ake ndi osongoka kumutu, ambiri ogawidwa patatu ndi tinsanamira. Khoma lakutsogolo linapindika pang'ono potsatira bwalo la Piazza del Campo, limene pansi pake anagawa zigawo zisanu ndi zinayi pokumbukira atsogoleri aja. Pambali pali nsanja ya belu, Torre del Mangia, yotalika kupitirira mamita 80, imene inatha mu 1348.

Koma cimene ndikufuna mucisunge, abale anga, cili m'cipinda ca misonkhano. Mu 1338 ndi 1339, Ambrogio Lorenzetti anajambula pamakoma zipatso za ulamuliro wabwino ndi woipa. Pakhoma lina amisiri akumanga nyumba, ana akuphunzira, alimi akulima ndi kukolola, munthu akuthamangitsa nkhumba kupita ku msika, njira zili pamtendere. Pakhoma loyang'anana nalo pakhala wolamulira wankhanza wa nyanga, Cilungamo ali womangidwa kumapazi ake, nyumba zikugumuka, asilikali akuwocha midzi, minda yasanduka chire.

Pa wailesi ndimawerenga madandaulo a anthu okhudza misewu, mitengo ya cimanga ndi milandu yocedwa kuweruzidwa. N'cifukwa cake ndimaona nzeru pa malo amene anasankha. Zithunzizi sanaziike pabwalo kuti ziopseze anthu wamba. Anaziika pamaso pa olamulira eniake, kuti asanagamule nkhani aone kuti mawu awo akathera m'munda wa mlimi.

Zithunzi zokha sizinawapulumutse. Mu 1348 mliri unapha anthu oculuka ku Siena, ndipo mu 1355 anthu anaukira ndi kugwetsa ulamuliro wa asanu ndi anayi aja. Komabe nyumbayo ikadali likulu la boma la mzinda mpaka lero, ndipo zithunzizo zikadali pamakoma omwewo.